Ufa kumutu: kalata yotseguka kwa oyang'anira za luso m'Malawi, pokumbukira mayi Connie Chiume

Olemekezeka a Nduna oona za chikhalidwe ndi luso, akuluakulu a bungwe la COSOMA, ndi inu mabwana oyendetsa nyumba zoulutsa mawu ndi makanema m'dziko muno,

Landirani moni wanga nonse. Ine ndine mphunzitsi wa kusekondale, ndipo kwa zaka zoposa 20 ndakhala ndikuyang'anira kalabu ya zisudzo pa sukulu zimene ndaphunzitsapo. Chaka chilichonse tikamakonzekera mpikisano, pamakhala mwana mmodzi amene timamuthira ufa kumutu. Kawirikawiri amakhala mtsikana wa Fomu 3. Timamumanga chitenje chakutha, kumulemba makwinya ndi khala, kumupatsa ndodo, n'kumuuza kuti awerame ndipo mawu azinjenjemera. Akatero wasanduka gogo. Kusukulu palibe cholakwika pamenepo, poti onse ndi ana. Chimene chimandipweteka n'chakuti ndikafika kunyumba madzulo n'kutsegula kanema, ndimakapeza ufa womwewo m'masewero a anthu akuluakulu. Mnyamata wa zaka 25 akusewera ngati mfumu ya m'mudzi, mtsikana amene sanaberekepo akusewera ngati apongozi. Ndimadzifunsa kuti kodi nkhalamba zenizeni za lusoli zinapita kuti? Kalatayi ndalemba chifukwa cha funso limeneli, ndipo amene anandikakamiza kuigwira pensulo ndi mayi wina amene tsitsi lake linachita kuyera lokha ali pa ntchito.

Pa 6 August 2024 tinamva kuti mayi Connie Chiume, katswiri wa zisudzo ndi mafilimu wa ku South Africa, atisiya m'chipatala china ku Johannesburg ali ndi zaka 72. Tsiku lomwelo masamba a Facebook ndi magulu a WhatsApp kuno kwathu anadzaza ndi zithunzi zawo, ndipo mawu amene ndinawawerenga kambirimbiri anali akuti anali wathu, mwana wa ku Nkhata Bay. Sindikutsutsa. Bambo awo, a Wright Tadeyo Chiume, anali ochokera ku Usisya, mudzi wa m'mphepete mwa nyanja umene unatipatsanso a Kanyama Chiume, mmodzi wa nduna zoyamba za dziko lino. Mayi awo anali a ku KwaZulu-Natal. A Connie anabadwa pa 5 June 1952 ku Welkom, tawuni ya migodi ya golide ku Free State, m'zaka zimene amuna a kuno ankakhamukira ku Joni, ena kudzera ku Wenela, ena pa okha, ambiri osabwereranso. Mayi Chiume anali mwana wa mtchona, ngati ana ena ambirimbiri a maina a Chitonga, Chitumbuka, Chiyao ndi Chichewa amene akulira ku Soweto, ku Bulawayo ndi ku Kitwe. Magazi ndi athu ndithu. Koma munda umene luso lawo linakuliramo sitinalime ndife, ndipo ndikupemphani kuti tiuyang'ane bwino mundawo tisanayambe kunyadira zokolola.

Moyo wawo sunayambire pa nsanja. Anayamba aphunzirako za unamwino, kenako anakachita maphunziro a uphunzitsi n'kuyamba kugwira choko ngati ine. Mu 1977 anasiya kalasi n'kulowa gulu la zoimba ndi zovina limene linapita kukaonetsa luso kunja, mpaka ku Greece. Taganizani nthawi yake, mabwana. Kunali kutangotha chaka chimodzi chichitikireni chipolowe cha ana a sukulu ku Soweto. Kanema ku South Africa anali atangoyamba mu 1976, ndipo matchanelo a zilankhulo za anthu akuda anadzatsegulidwa cha mu 1982. Mtsikana wakuda amene ankasiya ntchito ya malipiro a pamwezi kuti akhale wa zisudzo ankalowa m'nkhalango yopanda njira. Ndikudziwa zimene abale amanena mwana akachita zotere, chifukwa ndakhala ndikuitanidwa ndi makolo kundifunsa ngati ndikufuna kuti mwana wawo adzadye masewero.

Anapirira. Anasewera m'masewero oimba a pa nsanja monga Ipi Ntombi, Porgy and Bess ndi Little Shop of Horrors. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anayamba kuoneka pa kanema, ndipo m'ma 1990 analowa m'mafilimu, kuphatikizapo The Air Up There ya mu 1994, momwe mbali yawo inali yaing'ono. Mu 2000 analandira mphoto ya Avanti chifukwa cha sewero la Soul City. Kenako panabwera Zone 14 pa SABC1, momwe anali Stella Moloi, mbali imene inawapezetsa SAFTA, mphoto ya mafilimu ndi makanema ya ku South Africa, mu 2009. Ambiri a ife amene tinali ndi madikoda ogwira matchanelo a ku South Africa timawakumbukira ngati Mamokete Khuse wa mu Rhythm City pa e.tv, mayi wa m'komboni wokonda nkhani za eni koma wa mtima wabwino, amene aliyense ankamuzindikira chifukwa pa mzere uliwonse wa nyumba ku Ndirande kapena ku Chibavi pali Mamokete wake. Anasewera mbali imeneyi zaka zambiri, sabata ndi sabata.

Dziko lonse lapansi linadzawadziwa mu 2018, filimu ya Black Panther itatuluka. Anali mmodzi wa akuluakulu a bwalo la mfumu ya Wakanda, dziko longopeka la m'filimuyo, ngati mtsogoleri wa fuko la okumba migodi, tsitsi lopakidwa dothi lofiira ngati la amayi a Chihimba a ku Namibia. Mwana wobadwira pakati pa migodi ya ku Welkom anakhala pa mpando wa mfumu ya migodi, m'filimu imene inapanga ndalama zoposa madola 1.3 biliyoni. Mawu amene anayankhula m'filimuyo ndi owerengeka. Koma onani m'mene anakhalira pampandopo, m'mene anatembenuzira khosi, m'mene anayang'anira mnyamata amene wabwera kudzalanda ufumu. Zimenezo ufa sungakupatse. Nthawi imeneyo anali ndi zaka 65, ndipo panali patapita zaka 41 chisiyireni choko.

Nambala imeneyi ndi imene ndikufuna ikhale m'mitu mwanu. Zaka 41 asanafike pamene dziko linawaona, ndipo zaka zonsezo ali pa ntchito yomweyo. Zitatha izo ntchito zinachita kuwirikiza. Mu 2020 Beyoncé anawatenga kukhala Sarabi m'filimu yake ya Black Is King. Chaka chomwecho anayamba Gomora pa Mzansi Magic, sewero la moyo wa m'komboni ya Alexandra, momwe anali Mam'Sonto, mayi wa shabini amene masana ndi gogo wosamala banja koma kuseri akutsogolera anyamata olanda magalimoto. Kwa ine imeneyi ndiyo ntchito yawo yaikulu kuposa zonse, kuposa ya ku Hollywood. Ankatha kukuopsa ndi kukumvetsa chisoni m'chiganizo chimodzi, ndipo ndinaonapo amayi a mvano akumukalipira pa kanema kenako n'kumuikira kumbuyo sewero lisanathe. Mu 2022 anabwereranso ku Wakanda ngati Zawavari m'filimu yachiwiri ya Black Panther, ndipo chaka chomwecho a SAFTA anawapatsa mphoto yolemekeza ntchito ya moyo wawo wonse, iwo ali moyo, akumva ndi makutu awo, akulandira ndi manja awo.

Tsopano ndikufunseni mwaulemu. Bambo Wright Chiume akanapanda kupita kum'mwera, mwana wawo n'kubadwira ku Usisya, n'kukhala ndi luso lomwelo, akanafika pati? Akanasewera ku sekondale, mwina n'kupambana pa mpikisano wa zisudzo za m'masukulu wa ATEM. Akanakhala ndi mwayi akanamveka pa wayilesi mu Sewero la Sabata Ino. Kanema wa dziko lino anayamba pa 1 April 1999, iwo ali ndi zaka 46. Pofika pamenepo akanakhala atabwerera kale ku choko, chifukwa ana amafuna fizi ndipo landilodi samva za luso. Tikanakhala ndi mphunzitsi wabwino mmodzi woonjezera, amene anzake akanamakumbukira kuti kale ankatha masewero. Aphunzitsi otere ndimawadziwa ambiri. Ena ndi manesi, ena amagulitsa kaunjika, ena ali ku Joni komweko akugwira maganyu m'nyumba za anthu.

Musamve ngati ndikunena kuti ku South Africa ndi kumwamba kwa ochita zisudzo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa mwambo wa maliro a mayi Chiume, ana awo anadandaula poyera kuti mayi awo, atapitirira zaka 70, ankagwirabe ntchito maola ochuluka kwambiri pa tsiku, ndipo cholowa sichinkafanana ndi thukuta. Dandauloli si lachilendo kumeneko. Mu August 2014 osewera 16 a mu Generations, sewero limene mabanja ambiri kuno sankadya nsima lisanathe, anachotsedwa ntchito onse pamodzi atanyanyala pofuna malipiro abwino, makontirakiti otalikirapo ndi gawo pa ndalama zimene sewerolo limapanga likamabwerezedwa kapena kugulitsidwa kunja. Mu 2019 mayi Vatiswa Ndara analembera nduna ya za luso ya nthawiyo, a Nathi Mthethwa, kalata yotseguka ngati inoyi, yofotokoza m'mene osewera amafinyidwira. Lamulo lawo loteteza osewera ndi la mu 1967. Bilu yolikonzanso inadutsa ku nyumba ya malamulo kawiri konse, ndipo mu October 2024 Pulezidenti Cyril Ramaphosa anaitumiza ku khoti loona za malamulo aakulu a dziko m'malo moisainira. Wosewera kumeneko amatengedwa ngati munthu wa ganyu, wopanda penshoni ya kuntchito ndi tchuthi cha odwala.

Komabe anzathuwo akukangana za kagawidwe ka nsima imene ilipo. Pali matchanelo amene amaitanitsa masewero ndi kulipira, pali masewero oonetsedwa masiku asanu pa sabata kwa zaka 10 kapena kuposa, pali mabwalo ngati Market Theatre, pali bungwe la osewera la SAGA limene limapita ku nyumba ya malamulo kukalankhula. Makwerero alipo, ngakhale matabwa ena ndi ofumbwa. Mayi Chiume anakwera amenewo. Ife kuno moto weniweniwo sitinausonkhe.

Luso lokha ndiye tili nalo, ndipo pa ichi sindilola munthu kunditsutsa. Du Chisiza Jr anakhazikitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987, nadzaza maholo m'nthawi imene mawu amodzi olakwika pa nsanja akanatha kukugonetsa ku Mikuyu. Anamwalira mu February 1999 ali ndi zaka 35, kutatsala masabata ochepa kuti kanema wathu ayambe. Gertrude Kamkwatira ananyamula mtolowo mpaka anatisiya mu 2006. John Nyanga ndi Eric Mabedi, Izeki ndi Jakobo a Kwathu Drama Group, anaseketsa dziko lino kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Izeki anapita mu 2016, Jakobo mu 2021. Joyce Mhango Chavula anabweretsa mphoto ya Africa Magic mu 2016, Shemu Joyah anabweretsa ina mu 2018. Ndipo mu June 2024 a Michael Usi, amene ana onse amawadziwa kuti Manganya wa mu Tikuferanji, analumbiritsidwa kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko. Palibe wa inu amene anganene kuti sadziwa mphamvu ya sewero pa Amalawi. Pa nthawi ya kampeni mumawafuna a zisudzo kuti akokere anthu ku misonkhano. Kukabwera kolera mumawafuna. Nkhani ikatha, foni imasiya kuitana.

Apa ndi pamene pagona vuto, ndipo ndikhalapo pang'ono. Sewero m'Malawi muno lakhala likudya kuchokera m'thumba la mabungwe. Bungwe likafuna uthenga wa Edzi, wa masikito, wa nkhanza za m'banja kapena wa chisankho, limapeza gulu, kulipatsa alawansi, sewero n'kuchitika. Zimenezi zathandiza, ndipo masewero ena abwino kwambiri a pa wayilesi, monga Zimachitika, anabadwa motero. Koma pulojekiti ili ndi tsiku lothera. Ikatha, wosewera amabwerera kunyumba kukadikira matenda ena. Amene akufuna kupanga sewero longofotokoza moyo, la chikondi, la mkangano wa malo, la ufumu, kawirikawiri amauzidwa kuti apeze yekha kampani yolipirira nthawi ya pa kanema. Wopanga katundu ndiye akulipira sitolo kuti imuikire pa shelefu. Akalephera amakaika pa YouTube, kumene bandulo ya woonera imadula kuposa phindu limene iye adzapeze, kapena filimuyo imathera kwa anyamata oberna pa msika, amene amaikopera mu memori khadi pa mtengo wa mandasi, mwini wake osaonapo ngakhale tambala.

Ine ndemwe zinandionekera. Zaka zapitazo kampani ina yojambula inanditenga kukasewera ngati ahedi m'sewero la magawo angapo. Tinajambula Loweruka ndi Lamlungu kwa miyezi iwiri. Panalibe pepala lililonse losainirana. Tsiku lililonse tinkapatsidwa ya thiransipoti ndi botolo la zakumwa, ndipo anatilonjeza kuti zikayenda adzatikumbukira. Sewerolo ndinaliona likubwerezedwa kwa zaka, ana a sukulu ankandiitana ndi dzina la m'seweromo, kondakitala wa minibasi ankandilozera kwa anzake. Ine ndinali ndi malipiro a uphunzitsi oti n'kugwerapo. Mayi amene ankasewera ngati mkazi wanga analibe. Anali katswiri kuposa tonse pamenepo, munthu woti akalira pa kamera ojambula omwe ankapukuta maso. Atadwala, tinachita kuyendetsa mbale pa WhatsApp kuti apeze ya mankhwala, uku nkhope yawo ikuonekabe pa kanema madzulo. Akanakhala moyo lero bwenzi ali ndi imvi zawozawo, ndipo sitikanafuna ufa.

Choyamba chimene ndikupempha n'chosafuna ndalama zambiri: pepala. Unduna wanu, a Nduna, ukhale pansi ndi mabungwe a opanga mafilimu ndi a zisudzo, mulembe kontirakiti ya chitsanzo, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka momwe, yonena malipiro ochepetsetsa a tsiku, maola ogwira ntchito, ndi chimene wosewera adzalandire sewero likabwerezedwa kapena likagulitsidwa kwina. Kenako nyumba iliyonse ya kanema ikane kulandira sewero limene osewera ake sanasaine pepalalo. MBC, poti imayendera misonkho yathu, iyambe ndiyo. Ndipo iyambenso kuitanitsa ndi kugula masewero, ngakhale limodzi lokha pa chaka la magawo 26, lolipiridwa bwino, lopanda uthenga wa bungwe lililonse. Sewero limodzi lotere limadyetsa olemba, osewera, ojambula, osoka zovala ndi amayi ophika kwa theka la chaka. Likakhalapo chaka ndi chaka, mtsikana wanga wa Fomu 3 akhoza kuuza bambo ake kuti ntchitoyi ilipo, naloza.

Kwa inu a COSOMA, ndikudziwa kuti mwakhalapo kuyambira 1992, ndipo lamulo la za umwini wa luso la mu 2016 linakupatsani mphamvu zambiri, kuphatikizapo ndalama zimene zimadulidwa pa zipangizo zosungira ndi kukopera zinthu monga mafoni ndi mafulashi. Tikamva pa wayilesi kuti mwagawa ndalama, maina amene amatsogola ndi a oimba, ndipo sindikuwachitira nsanje, anakhetsa thukuta. Pempho langa ndi lakuti mutiuze poyera, chaka chilichonse, kuti mwa ndalama zopita ku mafilimu ndi masewero, zingati zafika m'manja mwa wosewera amene nkhope yake ndiyo imagulitsa filimuyo, osati kwa mwini kamera yekha. Filimu ikamalembetsedwa kwa inu, ilembetsedwe ndi maina a onse amene aseweramo. Ndipo pa ndalama zimenezo patulani kagawo kokhala thumba la chipatala la amkhalakale. Munthu amene anaseketsa dziko kwa zaka 30 asamayendetseredwe mbale.

Tsono pali nkhani ya matepi, imene imandisowetsa tulo kuposa zonse. Mwana wa ku South Africa akafuna kuona m'mene mayi Chiume ankasewerera zaka 20 zapitazo, ali ndi poyambira. Ine ndikafuna kuonetsa ana anga m'mene Du ankayendera pa nsanja, kapena kuwamvetsera Kapalepale ndi Pamajiga kuti adziwe m'mene Chichewa chimakomera m'kamwa mwa katswiri, ndimachita kufotokoza ndi manja ngati nthano ya kalulu. MBC yakhala ikujambula mawu kuyambira 1964. Tepi ndi chinthu chimene chimafa: imachita nkhungu, imamatana, makina oiwerenga amatha. Chaka chilichonse chimene mukuchedwa, mawu a munthu wina akufa kachiwiri. Tumizani anthu akawerenge zimene zatsala m'mashelefu, azisamutsire pa kompyuta, kope imodzi ikasungidwe ku National Archives ku Zomba, ina ifike m'masukulu ndi ku mayunivesite kumene amaphunzitsa zisudzo. Lengezani pa wayilesi kuti aliyense amene ali ndi kaseti ya vidiyo ya Wakhumbata, ya Kwathu kapena ya gulu lina lililonse m'sutikesi mwake abwere nayo, muikope, mum'bwezere. Mudzadabwa ndi zimene zidzatuluke m'nyumba za anthu. Ndipo amkhalakale amene adakali moyo, apiteni ndi kamera lero, muwakhazike pansi pa mtengo, afotokoze m'mene ankapangira masewero a pa wayilesi, m'mene ankazembera a Censorship Board, m'mene ankayendera pa lole kuchoka ku Blantyre kukasewera ku Mzuzu. Tazolowera kumva mbiri ya munthu ikuwerengedwa mothamanga pambali pa bokosi, adzukulu akudikira. Mbiriyo tiimve kwa mwini wake.

Za malo ochitira zisudzo sindichulutsa, poti mukuzidziwa. Pamene panali French Cultural Centre ku Blantyre ndi pamene mibadwo ya osewera inakulira. A ku France atachoka mu 2011 malowo anasakazidwa, ndipo ngakhale anasintha dzina kukhala Blantyre Cultural Centre, kuwakonzanso kwatenga zaka zochititsa manyazi. Malizani. Wosewera wopanda nsanja ali ngati msodzi wa ku Usisya wopanda bwato.

Mwina wina mwa inu anena kuti dziko lili ndi njala, mankhwala m'zipatala mulibe, za masewero zidikire. Ndine mphunzitsi, ndimaphunzitsa ana okhala pansi, sindingapeputse zimenezo. Koma kumbukirani zimene zinachitika pamene nkhani ya William Kamkwamba inkajambulidwa ku Kasungu, filimu imene inatuluka mu 2019. Nkhani yathu, mudzi wathu, chilankhulo chathu. Mnyamata wosewera William anachokera ku Kenya, wosewera bambo ake anali Chiwetel Ejiofor wa ku Britain, wosewera mayi ake anali Aïssa Maïga wa ku France. Lily Banda anatiimirira bwino ngati mlongo wake, ndipo Amalawi ena anapeza mbali zing'onozing'ono. Alendowo anayesetsa kuphunzira Chichewa, ndipo ndimawalemekeza, koma aliyense wa ife anamva m'mene chinkatulukira. Mbali za makolo zija zinkafuna anthu a zaka 40 kapena 50 amene akhala pamaso pa kamera moyo wawo wonse, odziwika kwa amene amaika ndalama. Tikanakhala titawalera, ndalama zimenezo zikanatsala ku Kasungu, ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Ojambula ena adzabweranso, pakuti nyanja, Mulanje ndi Nyika sizisamuka. Adzapeza ndani?

Pomaliza ndibwerere kwa mayi Chiume. Ngati tikufunadi kunena kuti anali wathu, tichite zimene abale amachita, osati zimene amachita odutsa pamsewu akamva nyimbo za maliro. Sindikupempha chipilala. Ndikupempha kuti undunawu, mutagwirizana ndi banja lawo, ukhazikitse thandizo la maphunziro m'dzina lawo, loti chaka chilichonse mtsikana mmodzi kapena awiri a luso la zisudzo, poyambira a m'boma la Nkhata Bay, akaphunzire mpaka kumaliza. Pakhalenso mphoto ya pachaka ya wosewera wamkulu amene adakali pa ntchito, yokhala ndi ndalama zenizeni, yoperekedwa m'manja mwake iye akuona. Ndipo kazembe wathu ku Pretoria afufuze ana ena a matchona amene ali m'makampani a mafilimu kumeneko, olemba, ojambula, osewera, awaitane adzaphunzitse kuno ngakhale kwa sabata ziwiri. Ambiri amafuna njira yobwerera kwawo kwa makolo awo, amangosowa wowatsegulira chitseko.

Teremu ino kalabu yanga ikukonza sewero la mkangano wa munda pakati pa mkamwini ndi eni mbumba. Mtsikana amene akusewera gogo ndi waluso kwambiri mwa ana onse amene ndawaphunzitsapo. Sabata yatha, tikupukuta ufa m'tsitsi lake titamaliza kuyeserera, ndinamuonetsa pa foni kachigawo ka Mam'Sonto, n'kumuuza kuti bambo a mayi ameneyu anali a ku Usisya. Anaonera kawiri osayankhula. Kenako anandifunsa kuti, aphunzitsi, ndiye kuti ine ndikafuna kufika pamenepa ndiyenera kupita ku Joni? Ndinamuuza kuti ndikafunsa kwa akuluakulu. Alemba mayeso a Fomu 4 chaka chamawa, ndipo bambo ake anena kale kuti akachite za unamwino.

Ndidikira yankho lanu.

Ine wanu,
Mphunzitsi woyang'anira kalabu ya zisudzo,
Mzuzu